Sikwensi sinapeze jini, nde laibulale ya DNA ingandithandize?

Uthenga uwu wachokera kwa mtsikana wina amene akupanga masters ya microbiology ndipo akusaka jini yomwe ikupangitsa bakiteriya ya Klebsiella kusamva mankhwala a trimethoprim, ndaudula pang'ono poti unali wautali:

"Aphunzitsi, ndili ndi Klebsiella yomwe ndinaipeza m'madzi a mu ngalande. Ikumera bwinobwino pa trimethoprim olo ndichulutse mankhwala bwanji. Tinaitumiza kukapanga sikwensi ya genome yonse koma ResFinder sinapeze jini ya dfr iliyonse. A supavaiza akuti ndipange laibulale ya DNA yake mu E. coli kuti ndisake jiniyo. Ndayesa kawiri ndi pUC19, ndapeza makoloni ngati 600, ambiri abuluu, ndipo pa LB yothira trimethoprim pamera atatu okha omwe sindikudziwa ngati ali enieni. Njira imeneyi si yachikale kodi? Ndalakwitsa pati? Yanditsalira miyezi 6 basi."

Achemwali, khazikani mtima pansi. Zomwe mwalembazi ine ndinazidutsa, ndipo pafupifupi mwana wa sukulu aliyense amene ndinamuyang'anirapo pa ntchito ngati imeneyi anabwerapo ndi puleti yabuluu nkhope ili khwinya. Miyezi 6 ndi yokwanira bola musabwereze zomwezo kachitatu.

Zoti njirayi ndi yachikale, eya ndi yakale ndithu, Louise Clarke ndi John Carbon anapanga laibulale yotchuka ya E. coli mu 1976, inuyo mwina amayi anu ali kamwana. Koma khasu nalo ndi lakale. Pulogalamu ya pa kompyuta ngati ResFinder, yosaka majini odziwika kale a kusamva mankhwala monga dfr, imagwira ntchito yofananiza basi, imatenga sikwensi yanu nkuyang'ana ngati ikufanana ndi majini omwe anthu ena anawapeza kale nkuwalemba m'kaundula. Ikati sinapeze, sikuti jini kulibe, ikungotanthauza kuti m'kaundulamo mulibe m'bale wake wapafupi. Ndipo mukatsegula fayilo ya genome yanu muona mizere mazanamazana yolembedwa kuti hypothetical protein, uku nkunena mwaulemu kuti kaya. Laibulale, yomwe ndi DNA yonse ya bakiteriya yodulidwa m'tizidutswa nkugawidwa m'maselo a E. coli, imafunsa funso mwa mtundu wina. Simufunsa kompyuta kuti jini iyi ikufanana ndi chani, mumapatsa E. coli kachidutswa ka DNA nkuona ngati yayamba kuchita chinthu chomwe dzulo sinkatha.

Mu 1985 Ralph Isberg ndi Stanley Falkow ku Stanford anachita zimenezi ndi Yersinia pseudotuberculosis, kachilombo kodziwa kulowa mkati mwa maselo. Anadula DNA yake, nkuigawa mu E. coli K-12 wamba amene salowa m'maselo, kenako nkusankha omwe analowa. Anapeza kuti malo amodzi okha a DNA ndi okwanira, jini ija timaitchula inv, ya puloteni ya invasin. Nthawi imeneyo panalibe genome ya bakiteriya ngakhale imodzi yomwe inali itawerengedwa yonse, yoyamba inabwera 1995, ya Haemophilus influenzae. Nkhani ina yomwe ikufanana kwambiri ndi yanu ndi ya isoniazid, mankhwala a TB aja. Gulu la William Jacobs ku Albert Einstein College of Medicine ku New York linatenga DNA ya Mycobacterium smegmatis yosamva mankhwalawo nkuilowetsa mu inzake yomva, ndipo mu 1994 analengeza jini ya inhA. Nkhani iyi muisunge, ndibwererakonso poti ili ndi msampha womwe mwina mwagwamo.

Tsopano vuto lanu loyamba ndi samu, si manja. Laibulale ili ngati belo la kaunjika, mukufuna malaya amodzi enieni koma simudziwa ali pati, nde mukangopisa dzanja kawiri nkunena kuti mulibe, mwanama. Clarke ndi Carbon omwewo anatisiyira kawerengedwe kake, N = ln(1 − P) / ln(1 − f), pomwe P ndi mwayi womwe mukufuna ndipo f ndi kukula kwa chidutswa chimodzi kugawa ndi kukula kwa genome yonse. Klebsiella imakhala ndi mabesi (zilembo za DNA) pafupifupi 5.5 miliyoni. Zidutswa zikakhala za 5 kb (mabesi 5,000) ndipo mukufuna mwayi wa 99 pa 100, mukufunika makoloni (timagulu ta bakiteriya tomera pa puleti) pafupifupi 5,100 okhala ndi chidutswa mkati. Zikakhala za 3 kb nambala ikwera kufika cha m'ma 8,400. Inu muli ndi 600, ambiri abuluu, tinene kuti oyera alipo 200. Aliyense atanyamula 3 kb ndiye kuti mwagwira 600 kb basi, gawo limodzi mwa magawo 10 a genome. Mwayi woti jini yanu ili m'menemo ndi wochepa choncho. Ndipo samuyi imaganiza kuti enzaimu imadula mwachisawawa paliponse mofanana, zomwe si zoona, komanso siiwerengera zoti jini iyenera kulowa yathunthu pamodzi ndi promoter yake, kachigawo ka DNA koiyatsa. Ine ndimauza ana anga kuti nambala ikatuluka aichulukitse katatu, nde kwa inu 15,000 mpaka 25,000 ndi pomwe mungagone tulo. Zikumveka zambiri koma electroporation (kulowetsa DNA m'maselo ndi magetsi) imodzi yabwino imapereka zimenezo.

Ubuluuwo ukutanthauza kuti pUC19, vekita yanu (pulasimidi, ka DNA kozungulira konyamula zidutswa), yadzitsekera yokha popanda kulandira kanthu, jini ya lacZ ili yonse nde X-gal akusanduka buluu. Zifukwa zake ndi ziwiri kawirikawiri, mwina vekita sinadulidwe yonse, kapena simunaichotse phosphate kumapeto. Simunandiuze ngati munagwiritsa ntchito phosphatase koma ndikukayika. Dulani vekita ndi enzaimu ya BamHI mokwanira, thirani phosphatase, iyendetseni pa jelo nkudula bandi yokhayo yowongoka. Kenako pangani makontrolo atatu omwe aliyense amawazemba chifukwa cha ulesi: vekita yodula yopanda ligase (enzaimu yomata DNA), vekita yodula yokhala ndi ligase koma yopanda zidutswa, ndi pUC19 yosadula kuti mudziwe mphamvu ya maselo anu. Mapuleti atatu amenewa amakuuzani komwe kuli vuto m'mawa umodzi, pomwe kungoganizira kumatha mwezi.

Za kudula DNA ya Klebsiella yo ndikhalepo pang'ono, chifukwa apa mpomwe laibulale imabadwira kapena kufera. Poyamba DNA ikhale yaitali. Musaiike pa vortex, dulani kunsonga kwa tipi kuti kamwa likule, isakanizeni mofatsa, ikakhala yabwino imanyololoka ngati therere mukamakoka pipeti. Enzaimu yake ndi Sau3AI, imadula pa GATC, ndipo nsonga zake zimalumikizana ndi za BamHI. Chenjerani ndi MboI, imadula malo omwewo koma imakanika ngati DNA ili ndi methylation ya Dam (chizindikiro chomwe bakiteriya imaika pa DNA yake), ndipo Klebsiella, Salmonella ndi E. coli onse ali nayo, nde muona ngati enzaimu yafa chonsecho ndi yamoyo. Mawu a zilembo 4 amapezeka pafupifupi pa mabesi 256 aliwonse, kutanthauza kuti mukaisiya Sau3AI idule mpaka kukhuta itsala mfumbi, tizidutswa tosakwana ndi jini imodzi yomwe. Tikufuna idule mwa apo ndi apo kuti zidutswa zizipitirirana. Ine ndimandanditsa machubu 6, enzaimu ndikuichepetsa ndi theka chubu chilichonse, mphindi zofanana pa 37°C, kenako onse pa jelo. Pa jelopo muona chubu choyamba chatsikira pansi, chomaliza chatsalira kumtunda osadulidwa, ndipo chapakati china chapanga mkwasa wautali ngati mchira. Chimenecho ndiye chanu. Dulani pakati pa 3 ndi 6 kb, ndipo chitani changu pa UV, kuwala kuja kumaononga DNA inu mukujambula zithunzi zotumiza kwa anzanu. Mukalumpha sitepe yosankha kukulayi tizidutswa tating'ono ndi tomwe timathamangira kulowa mu vekita, pena tiwiri titatu tochokera kosiyana nkulumikizana pamodzi, mapeto ake mumapeza jini yomwe m'chilengedwe kulibe.

Ndiye pali bafa ya ligase. Chaka china ndinataya masabata asanu ndikudzudzula enzaimu, vekita, ngakhale madzi, kumapezeka kuti firiji yathu inkasungunuka magetsi akazima usiku nkuumanso m'mawa, ndipo ATP ya mu bafa inali itatha kalekale. Kuyambira pamenepo bafa ikangofika ndimaigawa m'timachubu ting'onoting'ono, kamodzi ntchito imodzi. Mukaisungunula muone ngati pansi pali zoyera, zisungunuke zonse musanatape. Ligation isiyeni usiku wonse pa 16°C, kuona maso a nkhono nkudekha. Mukatero chotsani mchere musanapange electroporation apo ayi mumva kuti phaa, kuwala, maselo onse apsa. Ngati ndalama ilipo yogulira chinthu chimodzi chokha, gulani maselo a E. coli a DH10B opangidwira electroporation. Amapereka makoloni ochuluka kwambiri kuposa opanga nokha ndi calcium chloride, alibe recA yogwira ntchito nde sasokoneza zidutswa, komanso anawachotsa zida zodulira DNA yachilendo yokhala ndi methylation. Musanasangalale tolani makoloni oyera 20, pangani PCR ndi mapraima a M13, muone angati ali ndi chidutswa ndipo ndi chachikulu bwanji. Nambala zimenezo ndi zomwe mubwezere mu samu ija, ndipo oyesa thesis yanu akazifunsa.

Tibwere kwa atatu anu aja. Musawataye koma musawakhulupirirenso. Chinthu choyamba chomwe chandidetsa nkhawa ndi LB, chakudya chomwe mwameretsapo bakiteriya. Trimethoprim imatseka enzaimu ya DHFR, bakiteriya nkulephera kupanga thymidine ndi zina, koma LB ili ndi zakudya zambiri zomwe zimafooketsa mankhwalawa, nchifukwa chake labu ya chipatala imayezera pa chakudya china, Mueller-Hinton. Choipa kwambiri, E. coli imene jini yake ya thyA yaonongeka yokha imamera bwino pa trimethoprim bola pakhale thymine kapena thymidine, moti akatswiri a genetics akhala akugwiritsa ntchito njira yomweyi dala akafuna kupeza ma mutant a thyA. Mukayala maselo mamiliyoni pa puleti, atatu otere si zodabwitsa. Njira yotsimikizira ndi yosavuta: tulutsani pulasimidi mwa aliyense, ilowetseni mu DH10B yatsopano, yalani theka pa ampicillin yokha, theka pa ampicillin ndi trimethoprim, pa Mueller-Hinton. Ngati mapuleti awiriwo adzaza mofanana ndiye kuti mphamvu ili mu pulasimidi. Ngati ya trimethoprim ili mbee, inali E. coli yokha yadzisinthira, iwalani. Ndi masiku atatu basi koma ndaonapo anthu akulemba chaputala chonse asanachite zimenezi.

Msampha wachiwiri ndi uja wa inhA. Gulu la Jacobs linaonanso kuti ngakhale inhA yabwinobwino, yopanda kusintha kulikonse, ikaikidwa pa pulasimidi ya makope ambiri imapangitsa bakiteriya kusamva isoniazid, chifukwa chomwe mankhwala akufuna kumenya chachuluka kuposa mankhwalawo. Kwa inu jini yotero ndi folA, ya DHFR yomwe Klebsiella iliyonse ili nayo. pUC19 imakhala makope mazana angapo mu selo imodzi, nde folA wamba ikakwera pamenepo E. coli imera pa trimethoprim ndithu, inu nkuvina kuti mwapeza, chonsecho mwangopeza jini ya aliyense. Ndikulosera kuti laibulale yanu ikakula folA ituluka. Ikatuluka musakhumudwe, ndi umboni woti laibulale ikugwira, koma funso likhala loti folA yanuyi ndi yosiyana ndi ya Klebsiella yomva mankhwala kapena ayi. Isamutsireni pa vekita ya makope ochepa ngati pACYC184 kapena pBR322, pambali pake ikani folA ya Klebsiella yomva, yezani MIC (mlingo wochepetsetsa wa mankhwala woletsa bakiteriya kumera) ya zonse ziwiri. Kusiyana kukakhalapo muli ndi nkhani.

Ndipotu zimenezi zikundikumbutsa kuti pali ntchito ya tsiku limodzi yomwe muyenera kuchita musanagwirenso pipeti. Sikwensi muli nayo kale. Tulutsani folA ndi mabesi mazana angapo a kutsogolo kwake, fananizani ndi za Klebsiella zina, chifukwa kusintha kwa besi imodzi mu jini kapena mu promoter ndi njira yodziwika yopewera trimethoprim ndipo mapulogalamu osaka majini obwera sakhala akuyang'ana zimenezo. Sakaninso puloteni iliyonse yofanana ndi DHFR olo patali, tsitsani malire a kufanana. Onani ngati thyA yake ili yonse. Yesaninso conjugation, kusakaniza Klebsiella yanu ndi E. coli yomva mankhwala, muone ngati mphamvuyo isamuka. Ikasamuka ndiye kuti ili pa pulasimidi, nde m'malo mosaka mu mabesi 5.5 miliyoni mupange laibulale ya pulasimidi yokhayo, makoloni mazana ochepa akwana. A supavaiza anu sanalakwitse, kungoti izi zikhoza kukufupikitsirani ulendo.

Muyenera kudziwanso pomwe laibulale imagonja, kuti mukapeza ziro musadziimbe mlandu. Imagwira bwino ngati bakiteriya ili ndi chinthu choonjezera. Ngati kusamva mankhwala kwabwera chifukwa chotaya chinthu, monga khomo lolowera mankhwala latsekeka, simungaupatse E. coli umphawi umenewo pa pulasimidi, yake yabwino ija ipitiriza kugwira ntchito. Isoniazid yomweyo ili ndi chitsanzo, mu 1992 Ying Zhang, Stewart Cole ndi anzawo anaonetsa kuti TB ikataya katG simvanso mankhwala, ndipo umboni wake unali wobwezera jiniyo mu mycobacterium yosamva nkuiona ikuyambanso kufa. Pali majini ena omwe ndi poizoni kwa E. coli akachuluka, amenewo mu laibulale ya pUC19 simuwapeza olo mutapanga makoloni miliyoni. Ena amagwira ntchito pagulu, monga mapampu otulutsa mankhwala omwe amafuna mapuloteni atatu, mwina sangakwane mu 5 kb kapena ali malo osiyana. Apa vekita ya mtundu wa fosmid imathandiza, imanyamula pafupifupi 40 kb, imakhala kope imodzi mu selo nde za poizoni ndi za folA zija zimachepa, ndipo makoloni 630 okha akukwanirani 99 pa 100. Vuto lake ndi mtengo wa kiti ndi ntchito yodzadulanso 40 kb ija kuti mupeze jini yeniyeni. Mwayi wanu ngwakuti Klebsiella ndi msuweni wa E. coli, ma promoter ake amawerengeka bwino, akanakhala Streptomyces ndikanakuuzani zina.

Njira ya mbali inayo ndi yothyola m'malo moonjezera. Mumamwaza transposon (kachidutswa ka DNA kodzilowetsa pakati pa majini) mu bakiteriya yanu yomwe, iliyonse ithyoke jini imodzi, kenako sikwensi ikuuzeni omwe asowa mutathira mankhwala. Njira zake ziwiri, Tn-seq ndi TraDIS, zonse zinatuluka 2009, yoyamba kwa Andrew Camilli ku Tufts pa pneumococcus, inayo ku Sanger Institute pa Salmonella Typhi. Chitsanzo chomwe ndimakonda ndi cha kwathu konkuno, Salmonella Typhimurium D23580 yomwe inapezeka m'magazi a mwana ku Blantyre mu 2004. Gulu la Jay Hinton ku Liverpool litaipanga zimenezi, mu 2019 linalengeza kuti kachilomboka kamadalira jini ya cysS yomwe ili pa kapulasimidi ka pBT1, pomwe cysS ya pa chromosome, yomwe aliyense akanalumbira kuti ndi yofunika, ikhoza kuthyoka osafa. Sikwensi yokha inkaonetsa kuti majini awiriwo alipo, koma yoti ikugwira ntchito ndi iti sikanatha kunena. Koma kwa miyezi 6 ndi bajeti ya masters sindikukulangizani, pokhapokha pali labu ina yomwe ikuchita kale ndipo yavomera kukutengani.

Mukapeza koloni yeniyeni, sikwensi ya Sanger ndi mapraima a M13 mbali zonse ziwiri ikuuzani pomwe chidutswa chayambira ndi pomwe chathera, zapakati muziwerenga mu genome yanu, apa mpomwe njira yakale ndi yatsopano zimakwatirana bwino. Makoloni angapo okhala ndi zidutswa zosiyana koma zopitirirana pa jini imodzi, umenewo ndiye umboni wokoma. Kenako jiniyo payokha pa vekita, ndipo nthawi ikalola muichotse mu Klebsiella muone ngati iyamba kumva mankhwala. Mukangofika pa jini payokha ndi MIC, masters yakwana.

Kunena za chitetezo, mukusamutsa kusamva mankhwala kupita mu bakiteriya ina, ndipo trimethoprim ndi amodzi mwa mankhwala awiri a mu cotrimoxazole, Bactrim yemwe anthu ambiri omwe ali ndi HIV amamwa tsiku ndi tsiku. Si zoseweretsa. Gwiritsani ntchito E. coli ya mu labu yokha, chilichonse chidutse mu autoclave, osathira kanthu mu sinki. Ngati muli ku Malawi kuno kusintha majini kuli pansi pa Biosafety Act ya 2002, nde funsani a supavaiza ngati chilolezo cha pulojekiti yanu chikutchula cloning, poti ambiri amapempha chongotola ndi kuyeza zitsanzo kenako ntchito nkukula osabwererako ku komiti. Klebsiella yo ikapezeka kuti simvanso ma carbapenem monga meropenem, imani kaye, adziwitseni akuluakulu a labu tsiku lomwelo.

Pofunika thandizo la ena ndi apa: mukayesa kachitatu ndi makontrolo onse koma oyera osapitirira 1,000, pitani ku labu yomwe imapanga cloning sabata ndi sabata mukakhale pambali pa tekinishani wawo masiku awiri, manja amaphunzira poona. Laibulale ikakwana 20,000 koma pa Mueller-Hinton osamera kanthu ngakhale folA, khalani pansi ndi a supavaiza ndi munthu wa bioinformatics mwezi wachitatu usanathe, musadikire wachisanu. Ndipo laibulale ikatheka kokolotani makoloni onse pa mapuleti, sakanizani ndi glycerol, gawani machubu angapo pa −80°C, ena mukasungitse mu firiji ya nyumba ina. Musaikulitse mu msuzi usiku wonse, othamanga amapondereza ochedwa ndipo wanu mwina ali mwa ochedwawo.

Sabata ino chitani ziwiri zokha, fananizani folA ija pa kompyuta, ndipo bwezerani mapulasimidi atatu aja mu DH10B yatsopano pa Mueller-Hinton. Munditumizire chithunzi cha mapuletiwo ndi cha jelo ya Sau3AI, machubu onse 6 aoneke.